Liwu limeneli mulibe m'buku

Chaka chatha, nthawi ya masika, tinakhala anthu asanu m'kachipinda kena ku Lilongwe tikumasulira kabuku ka alimi kuchoka m'Chingerezi. Ntchito inkayenda bwino mpaka tinafika pa ndime yonena za mvula yoyamba, ija imagwa cha mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, n'kusiya kafungo ka dothi m'mphuno, koma yosati munthu n'kudzalira. Ine ndinalemba kuti chizimalupsa. Mnyamata wina amene tinali naye, wanzeru ndi wakhama pa ntchito, anatenga kabuku ka mawu kamene kanali pa tebulo, kaja kamaika Chingerezi uku Chichewa uku, n'kuyamba kusanthula. Atalisowa liwulo anadzutsa mutu nati, "Akulu, limeneli mulibe m'dikishonale. Kodi ndi Chichewa chenicheni?"

Anafunsa mwaulemu ndiponso ndi mtima wofuna kuti ntchito ilongosoke. Ndinamuyankha kuti liwulo ndinalimva kwa agogo anga aakazi ku Dedza, amene sanatsegulepo buku moyo wawo wonse, ndipo ankalitchula chaka ndi chaka ataima pakhomo akuyang'ana kumwamba. Tinapitiriza ntchito, koma funso lakelo linanditsatira mpaka kunyumba. Ndinaona kuti pansi pake pagona chisokonezo chimene ambiri a ife tili nacho, ophunzira ndi osaphunzira omwe. Timatenga buku la mawu ngati kuti ndilo chiyankhulo. Ndipo chimodzi mwa zimene zimakuza chisokonezochi ndi mayina amene akatswiri amagwiritsa ntchito pokamba za mawu, chifukwa ndi ofanana kwambiri, ngati ana a mimba imodzi.

Aliyense amene anakhalapo m'kalasi ya maphunziro a ziyankhulo anakumana nawo mayinawa m'Chingerezi: lexicon, vocabulary, dictionary, glossary, terminology, lexicology, lexicography. Wophunzira amawaloweza usiku, mayeso akadutsa amasakanikiranso. Ukamufunsa kuti anene m'Chichewa, onse amathera pa liwu limodzi, mawu. Vuto silili ndi wophunzirayo. Liwu lathu loti mawu linasenza katundu wambiri. Tikati mtsikana uyu ali ndi mawu okoma tikunena za kayimbidwe kake. Mkulu akati ndili ndi mawu, ndiye kuti pali nkhani, khalani pansi. Kutchalitchi mawu ndi uthenga. Kusukulu liwu ndi kachidutswa ka chiganizo kamene timakasiyanitsa ndi kanzake posiya mpata. Ndiye munthu akangoti "maphunziro a mawu" sanatiuze kanthu kwenikweni.

Ndiyambe ndi lexicon, chifukwa ndi pamene pali mwini nkhani. Ili ndi dzina la chuma chonse cha mawu chimene chiyankhulo chili nacho, cholembedwa ndi chosalembedwa chomwe. Ine ndimati nkhokwe ya mawu. M'nkhokwemo muli mayina ndi aneni, komanso muli tizidutswa timene sitiima patokha, monga -its- wa mu kudyetsa ndi kugonetsa, kapena ka- wa mu kamwana. Mulinso zining'a, chifukwa munthu amene akudziwa liwu loti kutsina ndi loti khutu sangadziwe yekha kuti kutsina khutu ndi kuchenjeza mnzako mwachinsinsi. Ayenera kuchiphunzira pachokha, monga liwu latsopano. Nkhokwe imeneyi ilibe mwini mmodzi, ndipo palibe anaionapo yonse. Ili m'mitu ya anthu kuyambira ku Kasungu mpaka ku Chikwawa, ku Chipata ndi ku Lusaka, ku Angónia ndi kugombe la Niassa, ndi m'nyumba za a kwathu amene anakhazikika ku Harare kapena ku Johannesburg. Tsiku lililonse wina akuthiramo, ndipo tsiku lililonse nkhalamba ikatisiya kangodya kena kamagumuka.

Vocabulary ndi gawo limene munthu mmodzi watapa m'nkhokwemo, lichero lake. Msodzi wa ku Nkhotakota amasiyanitsa usipa, utaka, mcheni, kampango, bombe, mpasa ndi sanjika asanaganize n'komwe, ndipo mphepo amazitchula mayina: mwera, mpoto, vuma, zambwe. Mayi anga sadziwa kuti chilimira ndi khoka la mtundu wanji, koma muwapeze pamtondo mumve. Kukonola ndi kwina, kusinja ndi kwina, kupeta ndi kwina. Pali mphale, gaga, madeya, misere, mgaiwa, ufa woyera. Nsima amavundula, akatha amaomola, zotsalira mumphika ndi nkhoko, yogona ndi mkute. Mwana wawo wobadwira m'tauni amamva ena mwa mawuwa akanenedwa koma sawatchula yekha, ndipo apa palinso kusiyana kumene aphunzitsi amakudziwa bwino: mawu amene munthu amamva ndi ochuluka kuposa amene amatulutsa pakamwa. Lichero la munthu limatha kukula kapena kuchepa. Nkhokwe ndi ya mudzi wonse.

Dictionary tsono, imene timati mtanthauziramawu kapena dikishonale, ndi buku. Ndikubwereza dala, ndi buku. Linalembedwa ndi anthu odziwika mayina, m'chaka chodziwika, ndi ndalama zimene zinalipo, pa masamba owerengeka. Anthuwo anapita kunkhokwe ndi dengu, natapa zimene anakwanitsa, nasiya zambiri. Mbiri ya mabuku a mawu a chiyankhulo chathu imaonetsa zimenezi poyera kuposa mmene ndingafotokozere.

Buku loyamba lalikulu silinalembedwere kuno n'komwe. Johannes Rebmann, mmishonale wa ku Germany amene ankagwira ntchito pafupi ndi Mombasa ku Kenya, anakumana ndi munthu wina dzina lake Salimini cha m'ma 1853. Salimini anali wa kuno, wa m'chigawo chapakati, ndipo anagwidwa ukapolo n'kuwolotsedwa nyanja mpaka kukafika kugombe la kum'mawa. Rebmann atamva chiyankhulo chake anayamba kumufunsa liwu ndi liwu, n'kumalemba. Bukulo linasindikizidwa mu 1877, Rebmann atamwalira chaka chapitacho, ndipo amene analikonza ndi mnzake Ludwig Krapf. Analitcha Dictionary of the Kiniassa Language. Ndikaganiza za nkhaniyi mtima umandiwawa komanso ndimagoma. Munthu wolandidwa kwawo, abale ake ndi ufulu wake, chimene anatsala nacho ndi mawu a amayi ake, ndipo ndi amene anakhala maziko a buku loyamba la chiyankhulo chathu. Koma taonani mmene mayina atatu aja akukumanirana pamenepa. Chikuto chikuti ndi buku la chiyankhulo chonse. Zimene zili m'katimo ndi lichero la munthu mmodzi, amene anali atakhala zaka zambiri kutali ndi kwawo, lodutsa m'makutu a mlendo amene sanapondepo dziko lino. Liwu limene Salimini sanalikumbukire tsiku limenelo, kapena limene Rebmann sanaganize zolifunsa, mulibe. Kodi tinene kuti silinali Chichewa?

Pambuyo pake panabwera David Clement Scott wa ku Blantyre Mission, yemwe uja anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels. Mu 1892 anatulutsa A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language, buku lolemera limene silinkangopereka liwu la Chingerezi koma linkafotokozanso miyambo, ntchito ndi kakhalidwe ka anthu. Iye anatapa kwa Amang'anja a kumwera. Robert Laws wa ku Livingstonia anatulutsa lake la Chingerezi ndi Chinyanja mu 1894. Mu 1929 Alexander Hetherwick anakonzanso la Scott lija, kuliwonjezera, n'kulitcha Dictionary of the Nyanja Language. Mayina a pachikuto okha akutiuza kanthu: Kiniassa, Mang'anja, Nyanja. Aliyense anatcha nkhokwe yonse ndi dzina la khomo limene iye analowera.

Mabuku onsewa anali a ziyankhulo ziwiri, ndipo owerenga amene ankaganiziridwa poyamba anali alendo ofuna kutiphunzira. Boma litalengeza mu 1968 kuti Chichewa ndi chiyankhulo cha fuko, linakhazikitsa bungwe la Chichewa Board mu 1972, ndipo imodzi mwa ntchito zake inali kulemba buku lotanthauzira Chichewa m'Chichewa. Bungwelo linatulutsa malamulo a kalembedwe, koma bukulo silinatuluke m'nthawi yake. Mu 1996 ntchito inapita ku Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba, ndipo cha m'ma 2000 ndi pamene tinalandira Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Kuchokera pa buku la Salimini panali patadutsa zaka zoposa 120. Kenako Steven Paas wa ku Netherlands, pamodzi ndi Amalawi ambiri omuthandiza, anasonkhanitsa buku lina la ziyankhulo ziwiri limene Oxford University Press inasindikiza mu 2016.

Apa pali kusiyana kwina kumene ndimafuna aphunzitsi azikutsindika, kwa kumasulira ndi kutanthauzira. Buku la ziyankhulo ziwiri limamasulira: limakupatsa liwu la kwina loyandikana ndi lako, basi. Buku la chiyankhulo chimodzi limatanthauzira, ndipo imeneyi ndi ntchito yotulutsa thukuta. Yesani nokha. Tanthauzirani nsima m'Chichewa, kwa munthu amene mukuyerekeza kuti saidziwa. Mwina munena kuti ndi chakudya cholimba chophikidwa ndi ufa m'madzi otentha, chimene amadyera ndiwo. Chabwino. Nanga ndiwo? Chakudya chimene amadyera nsima. Mwazungulira n'kubwerera pomwe munayambira, ndipo wowerenga sanapindule. Muyenera kuthyola mkombero umenewu penapake, ndiponso musankhe ngati kondowole wa chinangwa ndi nsima kapena ndi chinthu china choyenera malo akeake. Mukatha pamenepo yesani mtima, ulemu, tsoka. Kenako yesani kaliwu koti ndi, kamene kali mu "ine ndi iwe", mu "uyu ndi mphunzitsi" ndi mu "anadula ndi nkhwangwa". Timawu tating'ono timene aliyense amatidziwa ndi timene timasowetsa tulo olemba mabukuwa.

Dzina lakuti mtanthauziramawu ndimalikonda chifukwa limanena ntchito ya bukulo mosabisa: ndi chotanthauzira mawu, silinena kuti ndi mwini mawu. Anzathu a Chishona ku Zimbabwe anasankha njira ina. Buku lawo la 1996, limene anatsogolera Herbert Chimhundu, analitcha Duramazwi reChiShona, ndipo dura ndi nkhokwe, mazwi ndi mawu. Ndi dzina lokongola, koma ine nkhokwe ndimaisungira chuma cha m'kamwa mwa anthu. A Chiswahili amati kamusi, liwu lochokera ku Chiarabu limene poyamba linkatanthauza nyanja yaikulu. Iwo anafika posiyanitsa bwino: kamusi ndi buku, msamiati ndi mawu amene munthu kapena phunziro lili nawo, istilahi ndi mawu a ntchito yapadera. Mwana wa sukulu ku Tanzania amakula akudziwa kuti ndi zinthu zitatu. Ife tikadali kunena dikishonale pa zonse.

Tsopano mapasa enieni, amene amagwetsa ophunzira pa mayeso: lexicology ndi lexicography. Onse awiri akuyamba ndi liwu la Chigiriki lotanthauza liwu. Kusiyana kuli kumchira. Loyambalo limathera ndi chidutswa chonena za kuphunzira kapena kusanthula, lachiwirilo ndi chidutswa chonena za kulemba. Woyamba ndi msanthuli wa mawu, amene amafunsa kuti mawu anapangidwa bwanji, anachokera kuti, amagwirizana bwanji, tanthauzo lawo limasuntha bwanji. Wachiwiri ndi mlembi wa mtanthauziramawu. Kunena choncho n'kosavuta, ndipo munthu akhoza kuganiza kuti wachiwiriyo amangokopera zimene woyamba wapeza. Si choncho ayi. Msanthuli ali ndi ufulu wosiya funso lili lotsegula, n'kunena kuti nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Mlembi alibe ufulu umenewo. Tsamba likumudikira, osindikiza akumudikira, ndipo liwu lililonse liyenera kukhala pamalo amodzi. Ayenera kugamula.

Tengani mneni woti kumva. Ndinamva, sitidzamva, akadamva, mukamamva: msanthuli adzakuuzani kuti maonekedwe onsewa ndi a liwu limodzi, lavala zovala zosiyana. Akatswiri amalitcha lexeme liwu la pansi limeneli, losaoneka ndi maso, limene limakhalabe lomwelo ngakhale aphatikiri asinthe. Mneni mmodzi wa Chichewa akhoza kuoneka m'njira mazanamazana, ndipo palibe buku lingazilembe zonse. Mlembi ayenera kusankha maonekedwe amodzi oti aimire onse pamutu pa ndime. Akasankha kumva, ndiye kuti aneni onse a chiyankhulo aunjikana pa K, ndipo lembo limenelo litenga gawo lalikulu la buku. N'chifukwa chake mabuku ambiri amachotsa ku- n'kulemba tsinde lokha, mva pa M, dya pa D, gona pa G. Koma mwana wa Sitandade 6 amene wapeza "sanamvetse" m'nkhani ayenera kudziwa kusenda liwulo yekha asanalipeze. Ngati sanaphunzitsidwe, atseka buku n'kunena kuti mulibe.

Sizithera pomwepo. Kuchokera ku mva timapeza mvera, mvetsa, mvetsera, mvana, mveka. Kwa msanthuli iyi ndi misintho ya mneni mmodzi, yotsata malamulo odziwika. Koma mwana womvera si mwana amene makutu ake amagwira bwino ntchito, ndi mwana wosachita mwano. Anthu omvana ndi okhala mwamtendere. Munthu womveka ndi wotchuka. Matanthauzo anachoka pakhomo pa kholo n'kukamanga nyumba zawo. Kodi mlembi awaike onse pansi pa mva, kapena aliyense apatsidwe ndime yake? Nanga mgwirizano, umene unachokera ku gwira kudzera ku gwirizana, ukhale pa G kapena pa M? Nanga kumva njala, kumva fungo, kumva chisoni, pamene khutu silikukhudzidwa n'komwe?

Mayina nawo ali ndi msampha wawo. Diso ndi maso, dzino ndi mano, tsamba ndi masamba, phiri ndi mapiri, khasu ndi makasu: umodzi ndi unyinji zikuyamba ndi malembo otalikirana, ndipo tsinde lenilenilo likusintha. Mlendo wopeza mano sangalote kuti akafufuze pa D. Olemba buku lalikulu la Chizulu la 1948, Doke ndi Vilakazi, anasankha kundandalika mayina potsata tsinde, kuchotsa mphatikiri wa kumayambiriro. Tikadatero ife, munthu, anthu, chinthu, kanthu ndi umunthu zikadakhala pamodzi pansi pa -nthu. Msanthuli angasangalale, chifukwa ubale wa mawuwa ukuonekera, ndipo ndi ubale wozama woyenera kuusinkhasinkha. Koma mayi wofuna kuthandiza mwana wake ntchito ya kusukulu sangapeze munthu pa N. Maganizo anga ndi akuti pamene nzeru za msanthuli zikulimbana ndi dzanja la wowerenga, mlembi atsate wowerenga, ndipo ubale wa mawu auonetse ndi kalozera m'kati mwa ndime.

Pali nkhani inanso imene ndimaikonda, ya mawu olembedwa mofanana. Mwezi wa kumwamba ndi mwezi wa pakalendala ndi liwu limodzi la matanthauzo awiri, chifukwa wina anabala mnzake. Makolo ankawerenga nthawi poyang'ana kumwamba. Koma kamba wa chigoba, kamba wa paulendo, kamba wa kukamba nkhani ndi kamba wa "kamba ka mvula" sangalowe m'ndime imodzi popanda kufunsa kaye ngati ali pachibale. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba chimodzimodzi, koma khutu la mwini chiyankhulo limamva kusiyana: wa m'nkhalango mawu amakwera pa te, wa pamsika sakwera. Khungu la pathupi ndi khungu la kusaona nawonso amasiyana chimodzimodzi. Kalembedwe kathu ka tsiku ndi tsiku sikaonetsa kukwera ndi kutsika kumeneku, ndipo mabuku ambiri a mawu amangokhala chete. Mtanthauziramawu wa ku Zomba uja anaika zizindikiro zake, ndipo pa chimenechi ndimawavulira chipewa amene anaulemba. Anamvera msanthuli pamalo pamene kumumvera kunathandiza wowerenga.

Ndiye pali amvekero, chuma chimene mabuku a alendo ankavutika nacho. Kuyera kuti mbee, kuda kuti bii, kufiira kuti psuu, kukhala phee, kudzaza tho, kuuma gwa, ndiwo kukhala zii. M'kamwa timawakoka mmene mtima wafunira, ndipo nthawi zambiri dzanja ndi nkhope zimathandizira. Mlembi alembe e angati pa mbee? Atanthauzire bwanji zii, amene amanena za ndiwo zopanda mchere, za madzi ozizira, komanso za mudzi umene mwangoti chete? Palibe gawo la nkhokwe limene limaonetsa kuchepa kwa pepala kuposa limeneli.

Mlembi amagamulanso za amene alowe ndi amene atsale panja, ndipo apa ndi pamene anthu amakangana kwambiri. Ena amafuna kuti bukulo likhale mlonda wa pachipata, lizikaniza mawu obwereka. Koma nsapato, kalata ndi mbatata zinachokera ku Chipwitikizi, ndege ku Chiswahili, sitima ndi sukulu ku Chingerezi, ndipo buku lenilenilo ndi liwu lobwereka. Palibe amene amawaona ngati alendo lero. Foni, mayunitsi ndi kabaza ali m'kamwa mwa aliyense. Kuwasiya panja ndi kunamiza mdzukulu amene adzafune kudziwa mmene tinkayankhulira. Chimodzimodzi dowe ndi mondokwa, kachewere ndi mbatatesi, nyemba ndi mbwanda, tsopano wa kuno ndi manje wa ku Lusaka. Mlembi wabwino amalemba onse n'kunena kumene lililonse limamveka. Akasankha limodzi n'kutaya linzake, wauza anthu a chigawo chathunthu kuti amayi awo ankayankhula molakwa.

Terminology ndi ntchito ina, ngakhale imagona nyumba yoyandikana. Apa anthu a ntchito imodzi, azaumoyo, azamalamulo, aphunzitsi, amakhala pansi n'kugwirizana kuti chinthu chakuti tizichitcha chakuti, ndipo liwulo lizitanthauza chimenecho chokha. Mlembi wa mtanthauziramawu amayamba ndi liwu n'kufunsa tanthauzo lake. Wopanga mawu a ntchito amayamba ndi chinthu n'kuchifunira dzina. Mneni, mfotokozi, muonjezi, mlowam'malo, mperekezi ndi mlumikizi anabadwa motero, ndipo anamera mizu chifukwa ana anawaphunzira m'kalasi chaka ndi chaka. Ufulu wachibadwidwe unamera chifukwa wailesi ndi misonkhano zinaunena mpaka unazolowereka. Mawu ena opangidwa pa misonkhano anafera m'mafayilo, chifukwa liwu silikhala la chiyankhulo tsiku limene komiti yalivomereza. Limalowa m'nkhokwe anthu akayamba kulitola okha.

Glossary ndi kamndandanda ka mawu ovuta kamene kamakhala kumapeto kwa buku limodzi, kothandiza wowerenga buku lomwelo. Thesaurus, monga ya Peter Mark Roget ya 1852, imasonkhanitsa mawu potsata kuyandikana kwa matanthauzo, kuti wofuna mnzake wa kuyenda apeze kunyang'ama, kutsimphina, kudzandira ndi kuyendayenda pamalo amodzi. Kabuku kamene mnyamata uja anatsegula pa tebulo kanali pafupi ndi mndandanda kusiyana ndi mtanthauziramawu: mawu masauzande ochepa, lililonse ndi mnzake wa Chingerezi, popanda chitsanzo ngakhale chimodzi. Kanalembedwa kuti kathandize mlendo kugula tomato ndi kufunsa njira, ndipo ntchito imeneyo kamaigwira bwino. Sikanalonjeze kuti kasunga mayina a mvula.

Chimene chimandipweteka ndi mawu amene ndimawamva kawirikawiri kwa anthu ophunzira, akuti Chichewa n'chosauka, chilibe mawu. Ukafunsitsa umapeza kuti munthuyo wayerekeza mabuku awiri pa shelefu, la Chingerezi lonenepa ndi lathu lowonda. Wayeza madengu n'kuweruza nkhokwe. Buku lalikulu la Oxford linayamba kutuluka m'zigawo mu 1884 ndipo linatha mu 1928, anthu ambirimbiri odzipereka akutumiza timapepala ta ziganizo zimene anazipeza m'mabuku. Kunenepa kwake ndi umboni wa zaka, ndalama ndi manja amene anathiridwapo. Kwathu ntchito yotereyi yagwiridwa ndi anthu ochepa, nthawi zambiri ndi thumba lobooka. Nthawi zinanso wodandaulayo akunena za lichero lake. Anaphunzira zachuma kapena zamalamulo m'Chingerezi, sanakhalepo pabwalo la milandu kwa mfumu kumva mmene akulu amapindira nkhani, ndiye liwu likamusowa amati chiyankhulo ndicho chalephera. Zoona zilipo: pa sayansi ndi makina pali zinthu zambiri zimene sitinagwirizane mayina ake. Imeneyo ndi ntchito ya opanga mawu a ntchito imene sinagwiridwe, ndipo njotheka. Ndi matenda ena, ofuna mankhwala ena. Tikasakaniza mayina a matendawa timamwa mankhwala olakwika, kapena timangotaya mtima n'kusiya kulemba m'chiyankhulo chathu.

Tsiku lomaliza la ntchito ija mnyamata uja anabwera ndi nkhani. Usiku anaimbira foni amayi ake kumudzi n'kuwafunsa za liwu lija. Akuti anaseka nati, "Iwe, mpaka kufunsa chizimalupsa? Nanga kokalupsa ukumudziwa?" Anamufotokozera kuti yoyamba imazima moto wa tchire, ina imabwera kudzakokolola phulusa la lupsa, ndipo kenako ndi pamene munthu amayamba kuganiza za mbewu. Anamuwonjezera mvumbi, uja amagwa masiku osalekeza mpaka nkhuni zonse kunyowa, ndi mawawa ongowaza pang'onopang'ono. Mnyamatayo anali atalemba onse kuseri kwa kope lake, ndipo anandipempha kuti tiyese kulemba ndime imodzi mmene ingaonekere mu mtanthauziramawu.

Tinalemba liwu pamwamba, n'kuika kuti ndi dzina. Tinagwirizana kuti lapangidwa ndi kuzima ndi lupsa. Pa tanthauzo tinakhalitsa, chifukwa iye ankafuna kutchula mwezi, ine ndinkaopa kuti mvula ya masiku ano sisunganso kalendala, ndipo tinathera pa kunena kuti ndi mvula yoyamba yogwa dzinja lisanakhazikike, nthawi imene tchire lapsa. Chitsanzo anapereka ndi iye, mawu a amayi ake enieni: osadzala ndi chizimalupsa, mbewu zipsera m'nthaka. Kenako anaima, cholembera chili m'mwamba. Amayi ake amatchula lupsya, agogo anga ankati lupsa. Tinalemba onse awiri, lina pamutu, lina pambali pake, ndipo pafupi ndi lililonse tinaika dzina la boma kumene tinalimva.